Suti Yakuda pa Bwalo la Mpira ku Bangula

Anzanga, nkhani ya ku Bangula ija mwaimva kale, ndikudziwa, koma mwaimva yopotoka. Wina akuti ndinaledzera, wina akuti dzuwa linandizunguza mutu, ndipo mayi wina wogulitsa nsomba pa Nchalo amauza makasitomala ake kuti ndinachita kutumidwa. Zonsezo n'zabodza. Ine tsiku limenelo ndinali bwinobwino, ndinamwa madzi okhaokha, ndipo chilichonse chimene ndinachita ndinachichita mwadongosolo, monga mmene anandiphunzitsira. Vuto lake linali lomwelo.

Ine kwathu ndi kwa Katunga. Ndili mwana, wansembe wina wachikulire pa mishoni anandiphunzitsa kuwerenga nyimbo zolembedwa papepala, zija za mizere isanu ndi timadontho takuda tokhala ndi michira, kenako anandigwiritsa vayolini, chija malume anga ankachitcha kaligo wa azungu. Ndinapitirira nayo mpaka kukoleji. Kumeneko sanangotiphunzitsa zala zokha ayi, anatiphunzitsanso mwambo wake: umavala suti, suyamba kuliza anthu akulongolola, umaweramitsa mutu pang'ono kuti mtima ukhale pansi, ndipo usanaimbe nyimbo ya munthu umayamba wauza omvera kuti anaipeka ndani, anabadwira kuti, anakulira kuti. Ankati umenewo ndi ulemu kwa wopeka nyimbo, ndipo mayeso ake ndinakhoza bwino kwambiri.

Nditamaliza ndinakaliza pa hotela ina ku Blantyre, anthu akudya nkhuku osadzutsa n'komwe mutu. Ndinatopa nazo, n'kubwerera kuno kuchigwa kudzaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina kufupi ndi Nchalo, poti mphunzitsi wa nyimbo panalibe amene ankamufuna. Kamodzi kokha ndinaliza paukwati wa mnzanga. Ndili pakati pa nyimbo yovuta imene ndinailimbana nayo miyezi isanu, mkulu wina anafunsa mokweza kuti, "Kodi aphunzitsiwa amaliza liti kuchuna kuti ayambe kuimba?" Vayolini ndinaibwezera m'bokosi, bokosi ndinaliika pamwamba pa kabati, ndipo linakhala pamenepo mpaka imvi zinayamba kundituluka.

Tsiku lina kaliyala ya njinga yanga inathyoka, ndiye ndinapita nayo kwa owotcherera zitsulo pa Nchalo. Ndikudikira, kuseri kwa shedi yawo kunabuka chiphokoso choti ine ndinaganiza kuti makina odulira zitsulo alusa, wina aduka dzanja. Ndinathamangirako. Ndinapeza anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi, thukuta lili kamukamu, magitala akulira ngati chigayo chimene chameza mwala, ng'oma zikuthamanga, wina akubangula pa maiki. Nditafunsa kuti n'chiyani chimenechi anandiuza kuti ndi roko, koma ya mtundu wolemera, imene iwo amaitcha hevi meto. Mwini gulu anali Zuze, wowotcherera yemweyo, amenenso amaliza gitala ndi kupeka nyimbo. Makolo ake anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo n'kukhazikika ku Makhanga, ndipo nyimbo zamtunduwu anazitengera kwa asuweni ake a ku Beira. Wa ng'omayo anali Joakina, amene amagwira ntchito pa sikelo yoyezera nzimbe, mtsikana wosaseka wamba.

Ndinkati nditseke makutu ndituluke, koma khutu lophunzitsidwa ndi lovuta, limamvetsera ngakhale mwini wake asakufuna. Pansi pa chiphokosocho ndinamva zinthu zimene ndinkazidziwa. Zala za Zuze zinkathamanga m'njira zomwe zija ndinkathamangamo ine kukoleji, nyimboyo inali ndi chisoni chake, inali ndi pokwera ndi potsika. Kusiyana kwake kunali kwakuti awa ankasangalala. Ndinasirira, anzanga, ndinasirira kwambiri. Zaka zonse zija ndinali ndisanaimbepo ndi anthu amene akusangalala ndi chimene akuimba, ndipo ndinkafuna kulawako ndisanakalambiretu. Nditatenga njinga yanga ndinamufunsa Zuze ngati gulu lakelo lingafune vayolini. Anati ku Beira aliko amene amatero, ndibwere nayo Loweruka tione.

Loweruka ndinafika ndi bokosi langa, pensulo, ndi kachitsulo ka miyendo itatu koikapo mapepala. Ndinakaimika pakati pa zidutswa za malata, ndinachuna, kenako ndinafunsa mwaulemu kuti mapepala ali kuti.

"Mapepala a ninji, aphunzitsi?" anafunsa Joakina.

"A nyimbo. Kuti ndidziwe poyambira ndi polekezera."

"Poyambira mumva ine ndikamenya timitengo kanayi. Polekezera mumva tonse tikasiya."

Anyamata anaseka mpaka wa gitala ya besi anakhala pansi. Ine sindinaseke. Ndinajambula nyimbo zawo pafoni, ndinapita kunyumba, ndipo sabata yonse ndinakhala ndikuzilemba m'mizere isanu, dontho ndi dontho, mpaka kubangula kwa woimba uja ndinakupezera chizindikiro chake. Mapepala onsewo ndinawaika m'fayilo yakuda. Kodi munthu wa maphunziro angaimbe bwanji za m'mutu ngati wa pamowa? Ndi mmene ndinkaganizira nthawi imeneyo.

Zuze anali ndi nyimbo imodzi imene ankati ikusowa chinachake, ya madzi osefukira amene amadula Makhanga nthawi ya mvula. Ankafuna kuti iziyamba ndi vayolini yokha, pang'onopang'ono, kenako magitala ndi ng'oma zigwe pamodzi. Pa sabata yachiwiri ndinabwera ndi kamakina kaja kogogoda nthawi, kamene timaphunzirira kuti tisathamange poliza, ndinakaika pafupi ndi ng'oma, ndipo titafika pakati pa nyimboyo ndinakweza uta kuimitsa gulu lonse n'kumuuza Joakina kuti wathamanga. Anati wathamanga dala, chifukwa pamenepo madzi afika pakhomo, ndipo iye sanaonepo munthu akuthawa madzi akuyenda ngati mkwatibwi. Kamakinako anakaika m'chitini cha penti n'kuvindikira, ndipo kanapitiriza kugogoda mkatimo mpaka tinaweruka.

Mtsikanayu sankandifuna, ndipo sankabisa. Ankati, "Zuze, madala awa atigonetsera anthu." Anakangana milungu itatu ine ndili pompo, ngati akukangana za mbuzi yapamsika. Mapeto ake anagwirizana chonchi: gulu linali litaitanidwa kukaimba ku Bangula Loweruka lina masana, mpira ukatha. Anthu akakailandira vayolini, ndikhala m'gulu. Akakaikana, ndinyamule kachitsulo kanga ndizipita, bokosi libwerere pamwamba pa kabati. Mwayi unali umodzi wokhawo, ndipo ine ndinatsimikiza mtima kuti ndikachita zonse mwa ndondomeko, pasakapezeke chondidandaula nacho.

Kutatsala masiku atatu ndinapita kushedi ndi kope kukamufunsa Zuze mafunso. Unabadwira kuti, muli angati m'banja mwanu, sukulu unayambira kuti. Iye ankayankha uku akuwotcherera chitseko, osavula n'komwe magalasi akuda aja, ndipo anamukuwira wa besi kuti, "Shamwali, aphunzitsi akufuna kundipezera mkazi!" Ndinamuuza kuti ndi zokonzekera Loweruka basi, ndipo sanafunse zambiri.

Tsono pali kanthu kena kamene ndinakaona kuyambira tsiku loyamba. Nsambo za gitala ya Zuze zinali zokhwepa. Zinkalira pansi kwambiri kusiyana ndi pamene gitala imayenera kulirira, ndipo khutu langa linkawawa nazo. Ndinaganiza kuti mnyamatayu alibe chochunira, kapena palibe anamuuzapo, ndipo poopa kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake ndinangokhala chete. Kufunsa kokha kukanandipulumutsa, koma ife aphunzitsi tinazolowera kufunsa zinthu zokhazo zimene tikuzidziwa kale.

Lachisanu Joakina anatumiza uthenga pafoni kuti mawa tonse tivale zakuda. Ndinamvera. Ndinafika pokwerera minibasi ndi suti yakuda imene ndinkavala pa hotela ija, malaya oyera, tayi yakuda, nsapato zowala, fayilo yakuda kukhwapa. Anzanga anabwera ndi matisheti akuda ojambulidwa zigaza ndi mabuluku ong'ambika m'mawondo. Joakina anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Chabwino, zakuda ndi zakuda." Inu mukudziwa mmene ku Bangula kumatenthera. Pofika kumeneko malaya anali atamatirira kumsana, koma jekete sindinavule, chifukwa kukoleji anati woliza vayolini savula jekete.

Nsanja yathu inali ngolo ya lole imene anaiimika kumapeto kwa bwalo. Mpira unali mkati, anthu atadzaza mbali zonse. Tikutsitsa katundu kunafika mayi ake a Zuze, atawoloka pa bwato kuchokera ku Makhanga pamodzi ndi achemwali awo awiri ndi amayi ena a kumpingo kwawo. Aka kanali koyamba kuti adzaone chimene mwana wawo amachita, ndipo anamubweretsera kathumba ka mpunga. Zuze anandionetsa kwa iwo. Anandipatsa moni ndi manja awiri, "Muli tani, baba?" kenako anatembenukira kwa mwana wawo n'kufunsa chapansipansi ngati ndinali abusa. Zuze anati ayi, ndi aphunzitsi, ndipo anapita nawo kukawakhazika pansi pa mtengo wa nimu.

Gitala anaisiya pa ngolo. Ndinaiyang'ana kanthawi. Ndinati mumtima, mnyamatayu wandikomera mtima, lero mayi ake abwera, anthu ndi awa, kodi ndimusiye akachite manyazi ndi gitala yosachuna? Ndinatulutsa kachitsulo kanga ka mphanda kochunira, ndinakagogoda pabondo, ndinakaika kukhutu, n'kuyamba kumanga nsambo imodziimodzi. Yoyamba inakwera bwino. Yachiwiri inadandaula koma inafika. Nditafika pa yaikulu ija, yonenepa kuposa zonse, ndinapotoza kamodzi, kawiri, kachitatu ndinangomva kuti thwaa! Inandikwapula padzanja n'kupindikira m'mwamba.

Zuze atabwera anainyamula gitalayo n'kuiyang'ana. Kenako anati, "Aphunzitsi, nsambozi timazikhwepetsa dala. Kulemera kwa nyimbo zathu kumachokera pamenepo." Anawonjezera kuti yaikuluyo ndi imene nyimbo zonse zimatsamirapo, ndipo yapadera analibe. Ndinati pepa. Anati ya pepa si nthawi yake ino. Anakumbukira mnzake wina amene amaliza gitala kutchalitchi china kuseri kwa msika, anaimitsa wakabaza wa njinga yamoto, ndipo asanakwere anandigwira paphewa. "Mpira ukutha. Anthu asabalalike. Muyambe ndi gawo lanu lija, mulikoke mpaka ndibwere." Njingayo inanyamuka ndi liwiro loti aliyense amene anali mbali imeneyo anatembenuka kuyang'ana fumbi lake.

Nthawi yomweyo jenereta imene inkatipatsa magetsi inazima. Joakina ndi anyamata awiri aja anatsikira kuseri kwa ngolo kukalimbana nayo, ndipo ine ndinatsala ndekha pamwamba, ndi vayolini, ndi maiki ya batire imene wolengeza mpira anatibwereka. Wezulo inalira, mpira unatha, khamu lonse linakhamukira kwa ife.

Phokoso lake! Ena akukangana za penate, ena akuliza mavuvuzela, ogulitsa madzi ozizira akukuwa, mabelu a njinga, mawailesi. Ndinaimika kachitsulo kanga koikapo mapepala kaja, ndinakhazika vayolini paphewa, ndinakweza uta, n'kudikira. Ndinadikira. Palibe anatonthola. Kodi nyimbo yofewa ngati imeneyo munthu ungaiyambe bwanji pakati pa chisokonezo chotero? Ndiye ndinachita chimene ndinaphunzitsidwa. Ndinatsitsa vayolini, ndinatenga maiki, ndinakweza dzanja limodzi m'mwamba n'kunena ndi mawu odekha, "Abale ndi alongo, chonde, tikhale chete pang'ono." Kenako ndinaweramitsa mutu.

Bata linayambira kutsogolo n'kumafalikira kumbuyo. Mavuvuzela anatsika. Nditadzutsa mutu ndinaona abambo akuvula zipewa, amayi ena akukhala pansi pafumbi, ndipo ndinanyadira kwambiri. Ndinati mumtima, anthu a ku Bangula ndi aulemu kuposa a pa hotela ya ku Blantyre, ndiponso Joakina akanaona mmene madala ogonetsa anthu agwirira khamu lonse ndi dzanja limodzi. Ndinatsegula fayilo yakuda, tsamba loyamba pamene ndinalemba mawu ofotokoza wopeka nyimbo, n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono, momveka bwino.

"Zuze anabadwira ku Makhanga, m'boma la Nsanje. Iye ndi wachitatu kubadwa m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu anayambira kwawo komweko, kenako anapita ku Nchalo kumene anaphunzira ntchito yowotcherera zitsulo. Onse amene anagwira naye ntchito akumuchitira umboni kuti ndi munthu wakhama, wosakwiya msanga, wokonda mayi ake..."

Apa ndiime kaye. Kukoleji, opeka nyimbo onse amene tinkafotokoza mbiri yawo anali azungu oti anamwalira agogo athu asanabadwe, ndiye kafotokozedwe kamene ndinaphunzira, ngakhale katsitsidwe ka mawu powerenga, kanali koyenera anthu otero. Zimenezo sindinaziganizirepo. Komanso sindinaganizire kuti kwathu kuno pali malo amodzi okha pamene munthu wovala suti yakuda amatontholetsa anthu, kuweramitsa mutu, kutsegula fayilo n'kuyamba kunena kumene wina anabadwira. Ndinabadwira konkuno, maliro ndayenda osawerengeka, mbiri ya malemu ndaimva kangati? Koma tsiku limenelo mutu wanga unali kukoleji.

"Mayo ine! Ayi, nkhabe! Mwananga!"

Mawuwo anachokera pansi pa mtengo wa nimu uja. Mayi ake a Zuze anali atagwira manja kumutu, achemwali awo atawagwirira uku ndi uku. Ine ndinaganiza kuti ndi chimwemwe cha kholo pomva mwana wake akutamandidwa pagulu, ndipo ndinawagwedezera mutu mwaulemu. Ndinatembenuza tsamba, ndinakhazika vayolini, n'kuyamba gawo langa lija, lapang'onopang'ono lija, la madzi akulowa m'nyumba za anthu. Ndipo ndisanamepo, ndinaliza bwino. Chiyambireni sindinalizepo choncho. Kulira kunachoka pa mtengo n'kulowa m'khamu, amayi oti Zuze sakumudziwa n'komwe anayamba kusisima, ndipo ine, maso nditatsinzina, ndinkati taonani mphamvu ya vayolini.

Amayi a kumpingo aja anayambitsa nyimbo ya maliro. Apa munthu wanzeru akanadzidzimuka. Ine khutu langa linangomva kuti ayambira pansi pang'ono, ndiye ndinawapeza pamene anali n'kuyamba kuwaperekeza ndi vayolini, mpaka kuwakometsera ndi mawu achiwiri. Ndinaganiza kuti ndi mmene anthu a ku Bangula amailandirira nyimbo ikawafika pamtima. Zimene zinkachitika kumbuyo kwa khamu ndinazimva pambuyo pake. Wina ananena kuti anamuona mnyamatayo akuthamanga pa njinga yamoto, wachiwiri anawonjezerapo lole ya thonje, wachitatu anatchula ndi malo enieni pamene zinachitikira. Abambo ena anathyola nthambi n'kukaziyala pamsewu, monga timachitira pakagwa zovuta.

Amene ananditsegula maso ndi Joakina. Anakwera pa ngolo, manja ali oilo yekhayekha, misozi ili mbwembwembwe, mtsikana yemwe uja ndinkati salira.

"Aphunzitsi, uthenga wabwera ndi mbani?"

"Uthenga wanji?"

"Wa Zuze!"

"Zuze wapita kukatenga nsambo."

Anandiyang'ana. Anayang'ana suti, anayang'ana fayilo, anabweza tsamba n'kuwerenga mizere iwiri. Sanakuwe. Anangopukuta maso ndi kuseri kwa dzanja n'kunena chapansipansi, "Mwamupha mnzathu ali moyo."

Ndinatola maiki kuti ndikonze zinthu, batire linali litatha. Ndinayamba kukuwa ndi pakamwa pokha kuti ayi, ali moyo, wangopita kuseri kwa msika, koma mawu a munthu mmodzi angapose amayi onse aja akulira? Ndinagwedeza manja m'mwamba, ndinadumpha, ndinadzimenya pachifuwa. Abambo awiri achikulire anakwera pa ngolo n'kundigwira mikono. "Limbani mtima, abusa," anatero mmodzi. "Mukagwa inu, ife titsamira ndani?"

Gawo lotsatirali anandifotokozera ndi Zuze mwini wake. Akubwerera ndi nsambo yake m'manja, anapeza masamba pamsewu. Wakabaza anazimitsa njinga, onse awiri anatsika, Zuze anavula chipewa n'kumayenda wapansi mwaulemu monga mwana woleredwa bwino. Atafika kumapeto kwa khamu anakhudza mkono wa bambo wina wootcha chimanga n'kufunsa monong'ona, "Baba, watisiya mbani?" Bamboyo anapukusa mutu. "Mnyamata wa gitala, wa ku Makhanga. Zuze. Akuti anali wakhama kwambiri."

Zuze akuti anayamba wadzigwira pachifuwa kuti atsimikize.

Anadutsa pakati pa anthu akukankha, ndipo amene ankamudziwa atamuona, aliyense anachita zake. Ena anathawa osacheuka, wogulitsa mandasi wina anasiya beseni pomwepo. Nyimbo ya maliro inadukira pakati. Mayi ake anadzuka pang'onopang'ono, anamugwira nkhope, anamutsina patsaya, kenako anavula patapata n'kumukwapula nayo kumsana katatu, uku akulira uku akuseka. Pamenepo ine ndinamva chisoni chenicheni, chifukwa amene anawachititsa zonsezo ndinali ine.

Kenako bwalo lonse linatembenukira kwa ine. Abambo amene anandigwira aja anandisiya n'kutsika. Zipewa zinabwerera kumutu. Kutsogolo kunali otsatira timu imene inaluza mpira, anthu oti anali kale ndi mkwiyo wosowa pokautula, ndipo ndinaona mmodzi akuwerama kufunafuna chinachake pansi. Chitsononkho choyamba chinagunda kachitsulo kanga, mapepala onse a sabata yathunthu anauluka n'kugwera kuseri kwa ngolo. Nthawi yomweyo jenereta inadzuka. Zuze anali atakwera kale, akumanga nsambo yatsopano ndi zala ndi mano, zinazo akuzikhwepetsanso mofulumira. Wa besi anandikankhira maiki ina pafupi ndi vayolini. Joakina anakhala pa ng'oma zake.

"Imbani, aphunzitsi," anatero.

"Mapepala agwa."

"Imbani za m'mutu, apo ayi atiswa tonse pano!"

Anamenya timitengo kanayi, ndipo zonse zinagwa pamodzi. Ine ndinangokoka uta mmene dzanja linafunira, mwamphamvu, moipa, ulusi wa uta ukuduka umodziumodzi. Maso sakanakhala papepala ngakhale likanakhalapo, anali pa khamu kuona kumene chitsononkho chotsatira chichokere, ndipo mutu unkatsika ndi kukwera pozinda. Amene anajambula vidiyo amati ndinkagwedeza mutu mwaukatswiri, ndipo ine sindinawatsutse. Koma penapake pakati pa nyimboyo zitsononkho zinasiya kubwera. Anthu amene ankalira posachedwapa anayamba kudumpha, mantha onse aja anasanduka gule, fumbi linakwera, amayi a kumpingo aja anamanga zitenje m'chiuno n'kulowa m'bwalo. Ndinangozindikira nanenso ndikukuwa nawo, jekete litang'ambika kukhwapa, ndipo ndinasangalala kuposa tsiku lina lililonse chigwirireni vayolini.

Titamaliza, tikumanga katundu dzuwa lisanalowe, ndinadikira chigamulo. Joakina anapinda mawaya onse kaye osandiyang'ana. Kenako anati, "Loweruka, teni koloko. Fayilo musabwere nayo. Gitala ya munthu musadzaikhudzenso, ndipo maiki mukaifuna muzipempha kwa ine." Ndinati zikomo. Anati sanamalize. Mayi ake a Zuze akundidikira pansi pa mtengo, ndipo akandikana iwo, zonse wanenazo ndiziiwale.

Ndinapita, ndinagwada pafumbi ndi suti yomweyo, Zuze ali pambali panga, n'kupepesa ndi mawu onse amene ndinali nawo. Mayiwo anakonza mpango kumutu.

"Baba," anatero, "mwandiliritsa mwana wamoyo pamaso pa anthu. Mtima wanga mpaka pano ukuthamanga."

"Ndalakwa, mayi."

"Mwalakwa, inde. Koma mawu aja munanena aja, wakhama, wokonda mayi ake. Ine ndinkati mwanayu amangosokosa ndi zitsulo. Palibe anandiuzapo zotero za mwananga, ndipo anthu onse aja amva. Muziimba naye." Kenako anandiloza ndi chala. "Ndipo ine ndikadzafa, mbiri yanga mudzawerenge ndinu. Koma chonde, baba, mudzadikire ndife kaye."

Ndinalonjeza. Ndipo ndikulonjezanso pamaso panu, anzanga: m'gululi ndilimo mpaka lero, koma sindidzatchulanso pagulu kumene munthu anabadwira pokhapokha mwini wakeyo ataima pambali panga, ndamugwira dzanja, anthu onse akumuona akupuma.